Tikusula aphunzitsi odzikayikira, ndipo akulipira ndi ana

Mwana akasankhidwa kupita ku TTC, koleji yosula aphunzitsi a pulayimale, pakhomo pamakhala chisangalalo chamtundu wake. Anthu amayamikira ndithu, koma mukatchera khutu mumamva kuti mawu ake ndi opepesa. "Bola wapeza pogwira." "Ayambire pomwepo, zina adzaziona kutsogolo." Amalume ena amafunsa mosapsatira: "Kodi kuyunivesite sizinatheke?" Mnyamata kapena mtsikana uja amanyamula chikwama chake kulowera ku Kasungu, ku Machinga kapena ku Karonga atauzidwa kale ndi anthu omukonda kuti akupita kumene kumapita otsala. Pakatha zaka ziwiri timamupatsa choko, kumuimika pamaso pa ana 100, n'kumayembekeza kuti iyeyo ndiye akauze anawo kuti angathe kukhala chilichonse chimene akufuna.

Maganizo anga ndi akuti kudzikhulupirira kwa munthu amene akuphunzira zauphunzitsi ndi nkhani ya maphunziro yeniyeni, yolemera chimodzimodzi ndi masamu kapena Chingerezi, ndipo makoleji athu ayenera kuitenga ngati ntchito yawo. Kudzikhulupirira kumeneku sikumera chifukwa mlendo wolemekezeka walankhula mawu okoma patsiku lolandira satifiketi. Kumamera munthu akachidziwa chinthu bwinobwino, n'kuchiyesa pamaso pa anthu, n'kuona ndi maso ake kuti chatheka. Mwayi wotere ndi umene ophunzira athu ambiri sakuupeza.

Ena akamva za kudzikhulupirira amaganiza za munthu wapakamwa, wolankhula mokweza, wosachita manyazi pagulu. Otere alipo pakoleji iliyonse, ndipo ena mwa iwo ndi amene amaopa funso la mwana kuposa aliyense. Ine ndikunena za zimene zimachitika mumtima mwa munthu akatsegula buku n'kupeza mutu umene sakuumva. Wina amati, "Izi ndikhala nazo pansi usiku uno, ndikamufunsa mnzanga uja, pofika mawa ndikhala nditazigwira." Wina amati, "Ine masamu si mbali yanga," n'kutseka buku. Lero onse awiri mutuwo sakuudziwa. Woyambayo pakutha pa sabata adzaudziwa. Wachiwiriyo adzaulumpha chaka chino, adzaulumphanso chaka chamawa, ndipo ana onse odutsa m'manja mwake mpaka tsiku lopuma pantchito adzapita kalasi yotsatira ali ndi dzenje pamalo omwewo.

Taganizirani kalasi ya Sitandade 7 pasukulu ina yakumudzi, m'teremu yoyamba ya TP, nthawi imene ophunzira zauphunzitsi amakayeserera kuphunzitsa pasukulu. Madamu achitsikana, a zaka zongopitirira 20, alemba pabolodi 6 ÷ ½. Lesoni pulani yawo ndi yaukhondo, mizere yolembedwa ndi lula, zonse zimene anauzidwa kukoleji zilimo. Akuuza ana lamulo limene iwonso anauzidwa ali mwana: tembenuzani fulakishoni yachiwiriyo, kenako chulukitsani. Yankho ndi 12. Ana akukopera. Ndiye kumbuyo kuja mnyamata wina wakweza dzanja. "Madamu, nanga bwanji tagawa koma nambala yakula? Tikagawa zinthu si zimachepa?"

Limeneli ndi funso la mwana amene akuganiza, ndipo yankho lake silili patali. Ukakhala ndi nzimbe 6 n'kudula iliyonse pakati, upeza zidutswa 12. Samuyo ikungofunsa kuti mu 6 muli matheka angati. Koma madamu aja palibe anawauzapo zimenezi. Iwo analoweza lamulo, n'kukhoza nalo mayeso. Mtima wayamba kugunda, m'manja mwanyowa thukuta, maso onse ali pa iwo, ndipo mwina pabenchi yakumbuyo pakhala alekichala ndi fomu yawo ya malikisi. Chimene chimatuluka m'kamwa ndi ichi: "Lamulo lake ndi lomwelo. Khala pansi, usatichedwetse."

Madamu amenewa si aulesi, komanso si ankhanza. Achita zimene munthu aliyense amachita akaona kuti watsala pang'ono kuyaluka. Koma mnyamata uja wapita kwawo ataphunzira kuti masamu ndi malamulo ongoloweza, ndiponso kuti kufunsa kumakwiyitsa aphunzitsi. Kunyumba agogo ake amamuuza kuti safunsa anadya phula. Kusukulu waona kuti wofunsa ndi amene amakhazikidwa pansi anzake akuseka. Mawa sakwezanso dzanja.

Zambiri zimene timadandaula nazo m'makalasi mwathu ine ndimaziona ngati mobisalamo mwa mphunzitsi wodzikayikira. Kulembetsa manotsi kuyambira belu mpaka belu. Kugwira buku la mphunzitsi osalisiya pansi ngakhale mphindi imodzi. Nyimbo ija tonse timaidziwa: "Mwamva?" "Eee!" "Pali funso?" "Ayiii!" Kukankhira mitu yovuta kumapeto kwa teremu kuti nthawi ithe yokha isanafikidwe. Ngakhale kamtengo kaja kamene kanaletsedwa koma kamapezekabe kuseri kwa chitseko, nthawi zambiri kamatuluka pamene mphunzitsi wasowa chonena. Sindikutsutsa kuti kuchuluka kwa ana ndi kusowa kwa mabuku kumathandizira zonsezi. Boma lenilenilo limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, ndipo m'makalasi ambiri a m'munsi chiwerengerocho chimapitirira kutali. Koma pitani pasukulu imodzi, makalasi awiri oyandikana, ana ochuluka chimodzimodzi, mabuku osowa chimodzimodzi. Mupeza m'kalasi imodzi ana akutsutsana ndi aphunzitsi awo za yankho, m'kalasi inayo muli zii. Kusiyana kwake kuli mwa munthu waima kutsogoloyo.

Mantha amenewa amapatsirana. Mu 2010 akatswiri a pa University of Chicago ku America, motsogoleredwa ndi Sian Beilock, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa aphunzitsi aakazi 17 a makalasi oyambirira pamodzi ndi ana awo. Kumayambiriro kwa chaka, mantha a masamu amene mphunzitsi anali nawo sankagwirizana ndi mmene ana ake ankakhozera. Pofika kumapeto kwa chaka, atsikana ophunzitsidwa ndi aphunzitsi oopa masamu kwambiri ndi amene ankavomereza msanga kuti masamu ndi a anyamata pamene kuwerenga ndi kwa atsikana, ndipo atsikana okhulupirira zimenezo ankakhoza masamu mochepa kuposa anzawo. Aphunzitsiwo sanauze ana kuti aziopa masamu. Anawo anangoona. Kafukufukuyu ndi wamng'ono ndipo ndi wa dziko lina, koma amene anakhalapo m'kalasi kuno kwathu sangadabwe naye. Tikamalimbikitsa atsikana kuti azikonda sayansi ndi masamu, tiziyamba tafunsa kuti madamu amene akuwaphunzitsa Sitandade 3 amamva bwanji mumtima ikakwana nthawi ya masamu.

Kudzikayikira kumeneku sikuyambira kukoleji. Ophunzira amafika nako. Ambiri mwa achinyamata olowa TTC anadutsa m'masukulu a CDSS, masekondale oyendera a m'madera, kumene labotale kulibe, mabuku ndi owerengeka, ndipo nthawi zina amene ankawaphunzitsa masamu a Fomu 4 anali mphunzitsi wosulidwira pulayimale amene anangokwezedwa chifukwa chosowa anthu. Mwana wokhoza MSCE m'malo otere ndi wolimba mtima, ndipo tiyenera kumuvulira chipewa. Koma wakhoza bwanji? Wakhoza poloweza manotsi ndi mapepala a mayeso akale, posankha mitu imene imabwerabwera n'kusiya inayo. M'mutu mwake muli malo olimba ndi malo ogumuka, ndipo iye mwini amadziwa bwino pamene pali pogumuka. Akanapita kukaphunzira za malamulo, masamu akanawasiya pachipata. Mphunzitsi wa pulayimale sasankha. Chichewa, Chingerezi, masamu, sayansi, zaulimi, zaluso ndi masewero, zonse ndi zake. Phunziro lomwe ankalithawa kusekondale ndi lomwe adzalipeza pa ndandanda Lolemba m'mawa.

Ndiye koleji imamulandira bwanji? Maphunziro osula aphunzitsi a pulayimale otchedwa IPTE, amene anayamba cha m'ma 2005, ndi a zaka ziwiri. Poyamba chinali chaka chimodzi kukoleji, chaka chinacho kusukulu. Kuyambira 2017 anawakonzanso kuti akhale materemu awiri kukoleji, awiri ku TP, awiri omaliza kubwereranso kukoleji. Kusinthaku kunali kwanzeru, chifukwa wophunzira amabwerako ku TP ali ndi mafunso enieni ndipo amapeza owafunsa. Koma materemu awiri oyambawo ndi nthawi yochepa, ndipo amadzaza ndi njira zophunzitsira: kalembedwe ka sikimu ndi lesoni pulani, kugawa ana m'magulu, kuika mwana patsogolo pa phunziro, kupanga zipangizo kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi monga mmene TALULAR imanenera. Zonsezi ndi zofunika. Vuto ndi lakuti zimamangidwa pa chikhulupiriro chakuti zophunzitsazo munthuyu amazidziwa kale, poti ali ndi MSCE. Amaphunzitsidwa njira zisanu zophunzitsira mafulakishoni munthu amene mafulakishoniwo sanawamvepo chiyambire. Ndipo sanganene. Anganene bwanji, pamaso pa anzake, kuti samu ya Sitandade 6 imamuvuta, iye woti mawa akhala mphunzitsi? Amangokhala chete, n'kukopera, n'kukhozanso mayeso mwa njira yomwe ija.

Pamwamba pa zonsezi pali Chingerezi. Palibe chinthu chimene chimafoola wophunzira zauphunzitsi m'dziko muno kuposa chilankhulo chimenechi. Lamulo la maphunziro la 2013 limati Chingerezi ndicho chilankhulo chophunzitsira, ndipo m'masukulu ambiri a boma ana amayamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi akafika Sitandade 5. Kukoleji nakonso zonse zimayenda m'Chingerezi. Onani zimene zimachitika pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, pamene wophunzira amaima kutsogolo anzake n'kukhala ngati ana. Mnyamata wochokera kumudzi wakonzekera usiku wonse phunziro la mmene mbewu zimamerera. Nkhaniyi amaidziwa kuposa aliyense m'chipindamo, wakula akudzala chimanga ndi mtedza. Wangoyamba chiganizo chachiwiri, wasokoneza "l" ndi "r", chipinda chonse chaphulika ndi kuseka. Alekichala amuimitsa kuti abwereze liwulo katatu. Pamene akubwerera ku phunziro lake, mawu atsika, maso ali papepala, akungowerenga kuti amalize akakhale pansi. Dzina lachipongwe limene wapatsidwa tsiku limenelo adzayenda nalo mpaka kumaliza koleji. Ndipo onse amene anaseka aja aphunzirapo kanthu: osalankhula chiganizo chimene sunachiloweze.

Musandimve molakwa, Chingerezi chiyenera kuphunzitsidwa, ndipo mwamphamvu kuposa mmene tikuchitira. Mphunzitsi amene sangathe kufotokoza chinthu m'Chingerezi chomveka akulakwira ana amene adzalembe mayeso a Sitandade 8 m'chilankhulo chimenecho. Koma chilankhulo munthu amachidziwa pochilankhula ndi pochiwerenga tsiku ndi tsiku, akulakwitsa ndi kukonzedwa mwaulemu. Ife tachisandutsa sikelo yoyezera nzeru. Wolankhula mosalala timamuyesa wanzeru ngakhale zimene akunenazo zili zopanda mutu, ndipo amene angafotokoze kayendedwe ka magazi m'thupi momveka bwino m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao timamuyesa mbuli chifukwa wapunthwa pa verebu. Ndikanakonda alekichala atamalola wophunzira kuti ayambe wafotokoza mfundo m'chilankhulo chake, aonetse kuti waimva, kenako aibwereze m'Chingerezi. Akatero amadziwa kuti chimene chikumuvuta ndi mawu chabe, mutu wake uli bwinobwino. Kusiyanitsa ziwirizi kumamasula munthu kwambiri.

Katswiri wa za maganizo a anthu Albert Bandura, wa pa Stanford University, analemba mu 1977 za chikhulupiriro chimene munthu amakhala nacho chakuti angathe kuchita ntchito inayake. Iye anati chimachokera ku zinthu zinayi. Champhamvu koposa ndi kuichitapo ntchitoyo n'kuona kuti yatheka. Kenako kuona munthu wofanana nawe akuichita. Kenako mawu a anthu ena okuuza kuti ungathe. Pomaliza, mmene thupi lako likumvera pa nthawiyo, kaya mtima ukugunda ndi mantha kapena uli m'malo. Chimene chimandikhudza pa mfundo za Bandura ndi chakuti mawu olimbikitsa ali m'munsi, ndipo amafufutika msanga munthu akangoyesa n'kulephera. Komatu ife ndi pamene timathera mphamvu zathu. Timauza ophunzira kuti uphunzitsi ndi ntchito yolemekezeka, kuti ndi maitanidwe, kuti dotolo ndi pulezidenti anadutsa m'manja mwa mphunzitsi. Zonsezo ndi zoona, koma sizithandiza munthu amene waima pabolodi osadziwa chifukwa chake 6 ÷ ½ ndi 12. Chimene chingamuthandize ndi kukhala pansi ndi munthu wodekha mpaka aimve samuyo, kenako aiphunzitse kwa ana asanu, aone nkhope zawo zikuwala, kenako aiphunzitse kwa kalasi yonse.

Apa ndi pamene TP imayenera kugwira ntchito yake, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Papepala dongosolo ndi labwino. Wophunzira amapatsidwa mphunzitsi wodziwa ntchito woti azimulangiza, amayamba ndi kuonerera, kenako amaphunzitsa pang'onopang'ono, ndipo alekichala amabwera kudzamuona. Pali masukulu kumene zimayendadi chonchi, ndipo ophunzira ochokera kumeneko mumawadziwa ndi kayendedwe komwe. Koma palinso masukulu ambiri kumene kubwera kwa "masitudenti" kumatengedwa ngati tchuthi cha aphunzitsi okhazikika. Sabata yoyamba yomwe ahedi amangoti, "Aphunzitsi, kalasi yanu ndi iyi," n'kumusiya mwana wa eni ndi ana a Sitandade 2 odzaza mpaka pakhomo, mlangizi uja ali pansi pa mtengo kapena wapita ku boma kukaona za malipiro. Munthu woyamba kumene akaponyedwa m'madzi akuya chonchi, chimene amaphunzira ndi kupulumuka basi. Amagwira chilichonse chimene chingakhazike ana chete, ndipo chimene chimakhazika ana chete msanga ndi manotsi ndi kukalipa. Zizolowezi zimene wazitola m'materemu awiri amenewa ndi zimene adzakalambe nazo.

Ndiye kubwera kwa alekichala. Chifukwa cha kuchepa kwa galimoto ndi mafuta, amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera amabwera kudzapereka malikisi. Wophunzira amadziwa kuti tsogolo lake lili pa mphindi 35 zimenezo. Ndiye amachita zimene wanzeru aliyense angachite: amasankha phunziro losavuta, nthawi zina loti analiphunzitsa kale dzulo, amapangana ndi ana ochenjera kuti ndi ati adzayankhe, amapachika matchati amene sadzawaonanso mpaka ulendo wina. Alekichala amaona sewero, amachonga m'mabokosi, amalemba kuti mawu azikwezeka ndipo bolodi lizigawidwa bwino, n'kukwera galimoto. Phunziro limene wophunzirayo limamuvutadi, limene akanafuna kuti munthu wodziwa amuonerere n'kumuthandiza, ndi lomwe amalibisa kwambiri. Tapanga dongosolo limene limalanga munthu woonetsa pamene akufooka, kenako timadabwa kuti kufookako sikutha.

Alangizi aja nawonso tisawaweruze msanga. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 osaphunzira zauphunzitsi, ambiri a JCE yokha, n'kuwatumiza m'makalasi atangowaphunzitsa masabata ochepa. Maphunziro awo enieni anabwera pambuyo kudzera mu pulogalamu ya MIITEP, imene inayamba mu 1997, miyezi yochepa kukoleji ndipo nthawi yotsalayo akuphunzira ali pantchito. Anthu amenewa ananyamula dziko pa nthawi yovuta ndipo ambiri anadzisula okha mpaka kukhala akatswiri. Koma iwo sanalangizidwepo ndi munthu. Anaponyedwa m'kalasi n'kuuzidwa kuti aone chochita. Ana amene anaphunzitsidwa m'makalasi odzaza a zaka zimenezo ndi zotsatira zake ndi amene lero ali aphunzitsi ndi alangizi. Ukauza munthu wotere kuti alangize wachinyamata, osamuphunzitsa kalangizidwe, osamuchepetsera ntchito ina, amapereka zimene iye analandira: kalasi ndi choko.

Ndikudziwa chimene ena anene. Anena kuti ndikukamba za mumtima pamene vuto lili m'thumba. Kuti munthu sangayende modzikhulupirira malipiro ake akutha sabata yoyamba ya mwezi, akukhala m'nyumba yodontha, ali ndi ngongole kwa katapila. Kuti wophunzira wa chaka choyamba amaona akuluakulu ake a magulu a IPTE 13 ndi IPTE 14 mmene anakhalira pakhomo nthawi yaitali ndi satifiketi m'manja akudikira kulembedwa ntchito, ena n'kungotengedwa ngati aphunzitsi othandizira, ndipo amadzifunsa ngati dziko likumufunadi. Zonsezi ndi zoona, ndipo a bungwe la aphunzitsi la TUM akamazinena ndimaima nawo. Boma limene limasula munthu zaka ziwiri kenako n'kumusiya akugulitsa mayunitsi pamsika, pamene ana akukhala 100 m'kalasi imodzi, likumuuza mokweza kuti ntchito yake ndi yosafunika kwenikweni. Palibe mawu a alekichala amene angafute uthenga umenewo.

Koma ndikana kuti tidikire malipiro akwere kaye. Ngakhale atakwera kawiri mawa, madamu aja sadzadziwa chifukwa chake yankho ndi 12. Ulemu wa ntchito ndi nkhani imodzi, ndipo ili m'manja mwa a ku Capital Hill. Kudziwa chimene ukuphunzitsa ndi kudziwa kuti ukuchidziwa ndi nkhani ina, ndipo mbali yaikulu ili m'manja mwa anthu amene ali kale pakoleji ndi pasukulu lero.

Ena amati njira yake ndi kukweza mlingo wolowera, tizitenga okhawo okhoza kwambiri. Zimamveka bwino, koma okhoza kwambiriwo ali ndi kwina kopita, ndipo dziko likufuna aphunzitsi masauzande, ambiri a iwo oti akakhale kumidzi kumene mwana wokulira m'tauni sachedwa kupempha transifa. Komanso mapointi abwino a MSCE satsimikizira kuti munthu anamvetsa. Nthawi zina amangosonyeza kuti analoweza bwino kuposa anzake. Achinyamata amene akubwera ku TTC ndi amene tili nawo, ndipo ndi okwanira. Munthu amene anakhoza Fomu 4 akuwerengera nyali ya batire, atayenda mtunda wautali tsiku lililonse, sangalephere kumvetsa masamu a pulayimale atapeza womufotokozera bwino. Chimene sanachipeze ndi womufotokozerayo.

Palinso amene amaopa kuti tikalimbikitsa kudzikhulupirira tidzasula aphunzitsi amatama, osamva za akulu. Ine ndimaona kuti zimayenda mosiyana. Mphunzitsi amene amakana kuuzidwa, amene amapsa mtima mwana akamukonza pa bolodi, kawirikawiri ndi amene ali ndi chobisa. Wodzidalira ndi amene amatha kunena pamaso pa ana kuti, "Funso lako ndi labwino, yankho lake ndilibe lero, tikumane nalo mawa," ndipo mawa n'kubweradi nalo. Kudzichepetsa kumene makolo athu amatiphunzitsa sikutsutsana ndi zimenezi. Chimene tasokoneza ndi kuyesa kuti kukhala chete pamaso pa wamkulu ndi ulemu nthawi zonse. M'chipinda chophunzirira, wophunzira wa zaka 22 amene sangayerekeze kuuza alekichala kuti "Pepani, pamenepo sindinamve, tabwerezani" sakusonyeza ulemu. Akuopa, ndipo mantha omwewo adzawafuna kwa ana ake.

Zoti zichitike sizofuna ndalama za mabungwe akunja. Sabata yoyamba pakoleji, wophunzira aliyense alembe mayeso a masamu, sayansi ndi Chingerezi a mlingo wa Sitandade 8, opanda malikisi olowa m'kaundula, osapachikidwa pa bolodi la zidziwitso, ongofuna kuti iye ndi alekichala ake adziwe pamene pali pogumuka. Akatero, pakhale maola okhazikika sabata iliyonse obwereza zinthu zimenezo kuyambira pansi, m'timagulu tating'ono, ndipo onse azipita kuti pasakhale gulu lotchedwa la ofooka. Wophunzira amene masamu amamuyendera athandize mnzake, mnzakeyo adzamubwezera pa Chingerezi. Kuona mnzako wochokera ku CDSS ngati yako yomwe akumasula samu imene iwe unkaiona ngati ya anthu ena kumalimbitsa mtima kuposa kuona alekichala akuimasula.

Alekichala nawonso aziphunzitsa ana enieni ophunzira awo akuonerera. Makoleji ali ndi masukulu achitsanzo pafupi, ntchito yake ndi imeneyi. Wophunzira aone munthu amene amamulemekeza akufunsidwa funso losayembekezera ndi mwana wa Sitandade 4, aone mmene akuimira kaye, kuganiza, kuyesa njira ina. Ambiri mwa achinyamatawa sanaonepo mphunzitsi akuganiza pamaso pa kalasi. Anangoona aphunzitsi odziwa kale zonse kapena onamizira kudziwa, ndiye amayesa kuti iwo okha ndi amene amasowa yankho.

Ku TP, ulendo woyamba wa alekichala usakhale wa malikisi. Wophunzira auzidwe kuti asankhe phunziro limene limamuvuta kwambiri, ndipo akamaliza akhale pansi awiriwiri kukambirana zimene ana amva ndi zimene sanamve. Alangizi asankhidwe mwa aphunzitsi amene akufunadi ntchitoyo, aphunzitsidwe ku TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'zoni, ndipo ahedi ndi a PEA, oyang'anira masukulu a m'zoni, aziwafunsa kuti akhala m'kalasi ya wophunzira wawo kangati sabata imeneyo. Sukulu imene imasiya wophunzira yekha ndi kalasi kuyambira tsiku loyamba isapatsidwenso ophunzira chaka chotsatira, ngakhale ikhale yosowa aphunzitsi chotani. Ndipo pa fomu ija ya malikisi, pamene pali kale mabokosi a kavalidwe, kakwezedwe ka mawu ndi kagawidwe ka bolodi, awonjezerepo funso lakuti: kodi ana anafunsa mafunso, ndipo mphunzitsiyu anachita nawo chiyani? Wophunzira amene wafunsidwa chinthu chimene sakuchidziwa, n'kuvomera, n'kuyamba kuchifufuza pamodzi ndi ana, apatsidwe malikisi ochuluka kuposa amene phunziro lake layenda mosalala chifukwa palibe mwana anatsegula pakamwa.